Thumba Limodzi, Nyumba Khumi ndi Ziwiri

3 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Moni. Muli bwanji kumzindako, ndi ntchito yanu ya kufakitale? Msana uja unasiya? Kuno tilipo, ine ndi Kachiwala, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba mothamanga chifukwa a dalaivala a basi amanyamuka ikakwana naini, ndiye musandiseke malembedwe. Foni ija mukudziwa kale kuti inapita ndi bambo ake a mwana, ndipo onse awiri mpaka pano ali zii.

Kwabwera anthu mumsewu mwathu. Alipo anayi, avala timajekete tofanana topanda manja, akuti ndi a komiti ya chakudya yochokera kukhonsolo. Lolemba ndinawaona akukankha kagudumu komangirira ku ndodo, kamalira kuti tiki, tiki. Anayambira pampope wathu mpaka kumsika, kuwoloka msewu waukulu uja. Ndinawatsatira chapatali, beseni la zovala za eni lili pamutu, kuti ndingoona. Achemwali, munthu amayeza msewu chifukwa chiyani? Msewuwo ukudwala?

Dzulo amata pepala pa chipilala cha mpope. Akuti pa 14 alowa nyumba iliyonse. Afunsa kuti timadya kangati pa tsiku, aona pamene timasunga chakudya, ndipo ayeza mikono ya ana osakwana zaka zisanu.

Apa ndiye pali nkhani. Amayi a saluni, aja amaluka tsitsi pakona, akuti kumene ankakhala kale zinayamba chimodzimodzi. Mafunso, mafayilo, kumwetulira. Patangotha mwezi kunabwera galimoto yoyera n'kutenga ana awiri a neba wawo kupita nawo kosungirako ana, ati mayi wawo akulephera kuwadyetsa. Akuti anaona ndi maso awo.

Inu Kachiwala munamuona komaliza ali ndi masaya. Pano wakwanitsa zaka zitatu koma diresi la chaka chatha likumukwanabe, mwinanso lamukulira. Kusikelo mwezi watha mzere wa pa khadi lake unawerama. Anesi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Nyumba ziwiri zimene ndinkachapako zinagula makina ochapira, yatsala imodzi. Masiku ena timadya kamodzi, ndipo ine ndimamuuza kuti ndadya kale kuntchito.

Ndiye ndiuzeni. Anthu amenewa akufuna chiyani kwenikweni? Akalemba m'fayilo, fayiloyo imapita kwa ndani? Ndikanena zoona, andilanda mwana? Inu muli kumzinda, mumamva zambiri. Funsani ngakhale abwana anu. Ulendo uno sindikupempha kanthu, yankho basi, tsiku la 14 lisanafike.

Ndine mng'ono wanu,
Namafunso. Paja dzinali munandipatsa ndinu, ndiye pirirani.

11 Meyi

Achemwali,

Moni kachiwiri, ndikhulupirira muli bwino. Tsiku lililonse ndikumapita pa siteji, a dalaivala athu sakuoneka, akuyendetsa ndi ena. Kalata iyi ndiwapatsa amenewo. Kaya yoyamba ija munalandira?

Poti mwakhala chete, ife tapanga zathu. Lachitatu tinasonkhana amayi khumi ndi awiri mu saluni, chitseko chotseka, chowumitsira tsitsi chili chiyakire kuti odutsa asamve. Amayi a saluni anati, "Akazi anzanga, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Akufuna aone chakudya? Achiona."

Nzeru yake ndi iyi. Aliyense wabweretsa kamene ali nako. Mpunga tathira m'thumba limodzi, pansi pake tapakiramo nsanza za kwa amalume a telala kuti lioneke lodzadza. Nyemba zakwana beseni laling'ono. Amayi a saluni abwereka thireyi ya mazira kwa alamu awo a golosale, pa pangano lakuti lisasweke ndi limodzi lomwe. Pali chigubu cha mafuta ophikira chofika pakati, ndi chitini cha mkaka wa ufa chopanda kanthu koma chotsekeka bwino.

Mukukumbuka kanjira ka kuseri kwa nyumba zathu, kamene kali m'mbali mwa ngalande? Anthu aja akamalowa nyumba yoyamba, katundu adzakhala ali pa shelefu. Akamatuluka, mwini nyumba awachedwetse pakhonde ndi nkhani, ife tidutsitsa katundu kuseri kupita nyumba yachiwiri. Choncho mpaka ya khumi ndi chiwiri. Yanga ndi yachisanu ndi chiwiri. Tayeserera kawiri. Ulendo woyamba mkazi wa akalipentala anaterereka ndi beseni, tinatola nyemba imodziimodzi m'matope tikuseka mpaka misozi. Ndinali nditaiwala kuti ndimatha kuseka.

Yankho tagwirizana limodzi: katatu pa tsiku, ndi tiyi wa mkaka m'mawa. Za kuyeza mikono, amene mwana wake ndi wowonda anene kuti ali kwa agogo ake. Amayi a saluni atilumbiritsa kuti amene aulule asadzatungenso madzi pamodzi ndi anzake. Amalume anangoti, "Za akazi izo," koma nsanza anapereka okha, ndipo avomera kumusunga Kachiwala pansi pa makina awo tsiku limenelo.

Achemwali, tachita bwino kapena? Nthawi zina ndimaona ngati ndi nzeru, nthawi zina ayi. Ine ndikungofuna tsikulo lidutse mwana wanga ali pano. Yankhani.

Namafunso

15 Meyi

Achemwali okondedwa,

Moni. Kaya muli moyo, kaya mwandikwiyira, ine ndikulemberanibe chifukwa ndilibe wina womuuza. Zadutsa. Kachiwala alipo, wagona pamiyendo panga, pepalali ndatsamiritsa pa msana wake.

Anafika cha m'ma eyiti. Mumsewu mwathu munalowa awiri, mwamuna wamtali wonyamula sikelo ndi mayi wina wachikulire wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Tangowatcha Amagalasi. Katundu anayenda kuseri ngati ali ndi miyendo. Pa nyumba yachitatu tinachedwa pang'ono, ndiye mwini wake anawagwira alendo pakhonde n'kuyamba kuwafotokozera za opaleshoni yake yonse, mpaka kufuna kuwaonetsa chipsera.

Pofika kwanga shelefu inali ngati golosale. Ineyo ndinkaiyang'ana n'kumaiopa. Amagalasi anakhala pa chigubu cha madzi, mpando anakana. Mafunso awo, Achemwali, ndi odabwitsa. Mumayenda mphindi zingati kukagula masamba? Mukagula ambiri amaonongeka? Sabata yathayi, lilipo tsiku limene inu simunadye kuti wina adye? Funso limenelo linandilasa. Ndinafuna kuwafunsa kuti anadziwa bwanji, analemba funsolo ndani, kodi nayenso zinamuchitikirapo? Koma ndinati, "Ayi, kuno ndi katatu, ndi tiyi wa mkaka."

Anati, "Ana?"

Ndinati, "Mmodzi. Ali kwa agogo ake."

Ndisanatseke pakamwa chitseko cha kuseri chinatseguka. Kachiwala. Amalume anatanganidwa ndi kasitomala, iye n'kuzemba. Anaima n'kuyang'ana shelefu maso ali tong'o. Mazira ochuluka chonchija sanawaonepo m'nyumba mwathu. Anandikoka siketi n'kunena kuti, "Amayi, dzira."

Amagalasi anati, "Nanga uyu?"

Achemwali, ndinati ndi wa neba. Ndinati ana a mumsewu muno aliyense amamuitana kuti amayi. Ndinanena ndi pakamwa panga pomwepa, iye atandigwira siketi. Mayi aja anatsitsa magalasi, anayang'ana mwana, anayang'ana ine, anayang'ana chigubu cha mafuta nthawi yaitali ndithu. Kenako analemba, n'kutsanzika mwaulemu.

Ndinawaperekeza pakhonde monga mwa pangano. Kumbuyo kwanga ndinkamva anzanga akutulutsa katundu, ndi Kachiwala akulira kuti mazira ake akupita kuti. Atamaliza nyumba zonse tinakumana mu saluni, aliyense anatenga mpunga wake ndi nyemba zake, mazira anabwerera ku golosale onse ali amphumphu. Anzanga ankavina. Ndinaseka nawo pang'ono.

Tapambana, eti? Nanga bwanji mtima sukutsika? Ndipo funso lija likundizungulirabe m'mutu. Munthu wofuna kulanda mwana angafunse ngati ineyo ndadya? Zimukhudza chiyani?

Ndine,
Namafunso

8 Meyi

Namafunso wanga,

Moni mng'ono wanga, ndipo Kachiwala undipsompsonere pachipumi. Ine ndili bwino. Msana ndi wa makina basi, sudzasiya mpaka ndidzasiye ine. Kalata yako ya pa 3 ndailandira dzulo, ndipo ndikuyankha pa nthawi ya nkhomaliro kuti ikupeze tsiku lija lisanakwane.

Msewu sukudwala, wopusa iwe. Ndinaseka mpaka anzanga a pa layini anafuna kuwerenga nawo. Koma safunsa anadya phula, ndiye nanenso ndafunsa. Ndinapita kwa anesi a pa fakitale pano, ndiponso kwa amayi amene ndimachita lendi kwawo, poti kuno zinachitika chaka chatha. Kagudumu kaja amayezera mtunda umene mayi amayenda kuti akapeze chakudya. Mayankho a m'nyumba amawaphatikiza n'kujambula mapu. Kumene msika uli kutali ndipo anthu akudya moperewera amaikako khitchini ya ana, kumene ana aang'ono amakadya phala la mkaka ndi dzira m'mawa uliwonse. Pamabweranso lole kawiri pa sabata ndi masamba, nyemba ndi mpunga zotsika mtengo. Loleyo ndimaiona ndi maso anga, Lachiwiri ndi Lachisanu.

Za galimoto yoyera, anesi akuti ana amatengedwa ngati akuzunzidwa kapena atayidwa, ndipo imeneyo ndi ofesi ina, mpaka pamafunika khoti. Akuti akanati azitenga mwana aliyense wanjala, akanawasunga kuti? Amayi a saluni akowo si omwe anawagulitsa amalume mafuta omeretsa tsitsi? Kayang'ane mutu wa amalume, ukapeza yankho.

Tsono mvera. Anthuwo akabwera unene zoona zokhazokha. Shelefu aione mmene ilili. Khadi la kusikelo uwaonetse. Manyazi sadyetsa mwana. Ndipo iwe, bwanji sunandiuze kale za nyumba ziwiri zija? Ndakwiya, koma imeneyo tidzakambirana pamaso. Ndaika timapaketi tiwiri ta mkaka m'kathumba, a dalaivala akupatsa pamodzi ndi kalatayi.

Undilembere zonse, ndi mafunso amene akufunse. Ndikufuna ndidziwe ngati ali ofanana ndi a kuno.

Ndine,
Achemwali ako

30 Meyi

Achemwali,

Moni. Kalata yanu ya pa 8 inandipeza pa 24. Basi ya a dalaivala athu inafa, inakhala ku galaja masabata awiri, kalata ndi mkaka zili m'kabokosi ka kutsogolo. Anapepesa kwambiri. Ndinaiwerenga nditaima pa siteji pomwepo. Pano ndikhulupirira zanga zija mwaziwerenga, ndiye mukudziwa chimene tachita. Musandikalipire, ndadzikalipira kale. Mkaka zikomo.

Lolemba amata mapu aja pa khoma la holo ya sukulu. Ndinapita. Achemwali, munayamba mwaonapo kwanu kuchokera kumwamba? Ndinakhala nthawi ndikufufuza ndi chala. Ndinapeza mpope, ndinapeza ngalande, ngakhale mtengo uja wa kuseri kwa akalipentala ulipo. Nyumba yanga ndi kabokosi kochepa ngati njere ya mpunga. Ndinadabwa kuti kumsika ndi kutali chonchija, ine ndimangoyenda osadziwa. Misewu aipaka mitundu. Kofiira ndi kumene kuli njala kwambiri, kwachikasu ndi pakatikati, kobiriwira ndi kumene anthu akudya bwino. Mbali yonse ya kwathu ndi yofiira ndi yachikasu. Msewu wathu wokha ndiwo uli biriwiri pakati, ngati nkhaka m'beseni la tomato.

Pansi alemba kuti khitchini ya ana ikhala m'nyumba yakale yosungiramo katundu, kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo makadi odyera alandira ana a misewu yofiira ndi yachikasu basi. Lole nayo iziima m'misewu yomweyo.

Ndili chiimire ndinamva mawu kumbuyo, "Mwaipeza nyumba yanu?" Amagalasi. Ndinafuna kuthawa.

Anati, "Msewu wanu unandisangalatsa. Nyumba khumi ndi ziwiri, mafuta ophikira a mtundu umodzi, onse ofika pakati pa chigubu. Mumagwirizana kwabasi."

Ndinati, "Ngati munaona choncho, mwapakiranji zobiriwira?"

Anati, "Mwanawe, ntchito yanga ndi kulemba zimene ndauzidwa ndi zimene ndaonetsedwa. Zimene ndikuganiza zilibe malo pa fomu. Ndikayamba kulemba zoganiza, mawa ndidzamulembera zoganiza munthu amene wanena zoona." Kenako anati pa 16 Juni kuli msonkhano wa anthu onse mu holomo. Amene akuona kuti mapu alakwika akanene pamenepo, pamaso pa komiti, tsiku limenelo likadutsa amatseka. Pochoka anati, "Mwana wa neba uja ali bwanji?"

Kachiwala ali chonchi, Achemwali: wasiya kudumpha. Mukudziwa kuti dzina lake linabwera chifukwa chosakhazikika. Pano amakhala pakhomo n'kumaonerera anzake, ndipo chifuwa sichikutha.

Ndinapita ku saluni ndi kalata yanu. Amayi aja ndinawafunsa bwinobwino kuti galimoto ija anaiona okha? Akuti anawauza ndi mlongo wake wa mwini nyumba, koma ndi chimodzimodzi. Ndiye akuti, "Iwe, kunamiza a boma ndi mlandu. Ukatsegula pakamwa, tonse khumi ndi awiri tikalowa, ndiye anawo adzatengedwa zenizeni. Unalumbira." Kodi zimenezo ndi zoona? Anesi anu aja anganene chiyani za munthu amene wanama pa fomu, ndiponso wakana mwana wake pamaso pa mboni? Funsaninso, chonde, nthawi ikutha.

Namafunso

5 Juni

Mwana wa mlongo wanga,

Ndikupereka moni, ndi chiyembekezo chakuti uli wathanzi. Ine ndili bwino kupatula maso, ulusi ukukana kulowa pa singano. Sindine munthu wa makalata, koma nkhani yakula.

Mng'ono wako wasokoneza msewu. Anthu anamuona ku holo ya sukulu ataima ndi mayi wa komiti uja. Ena akuti akufuna ntchito kumeneko, ena akuti wapereka kale maina a anzake. Pampope akangofika, nkhani imatha. Ine amene sindinalakwe kanthu, sabata ino sindinalandire ngakhale zipi yoti ndisoke, ati nkhani zimadutsira kwa ine. Ine ndinangopereka nsanza. Nsanza ndi mlandu?

Ndinamuitana kuti ndimulangize. M'malo momvera anandifunsa kuti, "Amalume, inu dzulo munadya kangati?" Taona mwano wake. Ndinamuuza kuti mwamuna safunsidwa zimenezo. Ndinadya kamodzi, koma si nkhani yake.

Iwe amakumvera. Umulembere kuti pa 16 akhale pansi. Takhala mumsewu muno zaka makumi awiri popanda wina kudziwa za mumphika mwa mnzake, ndiwo ulemu wake umenewo. Komabe kamwana kaja kandidetsa nkhawa. Dzana diresi lake ndalibweza m'mbali zala ziwiri, ndipo telala thupi la munthu silimunamiza. Kaya. Uone wekha chochita.

Ndamva kuti unanena za mutu wanga m'kalata. Mafuta aja akugwira ntchito, kungoti pang'onopang'ono.

Amalume ako

10 Juni

Namafunso,

Moni. Makalata ako awiri aja a dalaivala atsopano anakawasiya ku depoti ina, ndawalandira pamodzi ndi ya pa 30. Ya pa 15 ndinakaimalizira kubafa kuntchito kuti anthu asandione nkhope. Sindikukalipira. Ndikanakhala ine ndi mantha amenewo, mwina thumbalo ndikanasenza ndine.

Ndafunsanso. Anesi akuti sanamvepo munthu atamangidwa chifukwa chonena kuti wakhuta ali ndi njala. Koma ndisakunamize, akuti za kwanuko sangalumbire, komiti iliyonse ili ndi mutu wake. Ndiye chitsimikizo chimene ukufuna ndilibe. Chimene ndikudziwa ndi chakuti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mwana amene wasiya kudumpha ndi wako, si wa amayi a saluni.

Amalume andilembera kuti ndikuletse, koma kalata yawo yomweyo kumapeto ikunena zina. Ndapempha tchuthi cha masiku awiri. Ndifika pa 15 ndi basi ya masana, tikaimirira limodzi. Umuchapire Kachiwala diresi la manja aafupi.

Achemwali ako

17 Juni

Achemwali anga,

Moni. Uthenga wanu a dalaivala anandiuza, kuti abwana anakukanizani tchuthi chifukwa cha oda yaikulu. Ndinakudikiranibe pa siteji mpaka basi inatsitsa munthu womaliza. Sindikudandaula. Khalani pansi muwerenge.

Holo inadzaza. Ife a msewu wa pampope tinakhala kumbuyo, ine kumapeto kwa benchi, malo a munthu mmodzi atasiyidwa pakati pa ine ndi anzanga. Kachiwala ali pamiyendo. Ndinali nditaganiza kale kuti popanda inu sindiyankhula.

Apampando a komiti, bambo wina wa mawu aakulu, anafotokoza mapu ndi ndodo. Anthu anafunsa za ana kuwoloka msewu waukulu, za masiku a lole, za amene aziphika. Ine ndinkangomvetsera. Sindinkadziwa kuti anthu amatha kukhala pansi n'kukangana za mtunda umene mayi angayende atabereka mwana. Kenako ndodo inafika pa ife.

Anati, "Koma pali chodabwitsa. Msewu uwu uli pakati pa mavuto, msika uli kutali chimodzimodzi, koma nyumba zonse zikudya katatu, ndi tiyi wa mkaka. Tiwaombere m'manja!" Holo yonse inaomba. "Tsono tikupempha mmodzi wa iwo aimirire, atiphunzitse chinsinsi chawo, kuti misewu ina itengerepo."

Amayi a saluni ankayang'ana zikhadabo zawo. Amalume anavula chipewa n'kuyamba kufufuza m'kati mwake. Kaya mawu amenewo anawapangira ndi Amagalasi, kaya bamboyo ankakhulupiriradi, mpaka pano sindikudziwa. Ndiye mayi wina wa msewu wofiira, atabereka khanda, anatembenuka n'kunena kuti, "Tiuzeni anzathu, musatimane. Ife zikutikanika." Sankanyoza, Achemwali, ankapempha. Ndinangozindikira ndaimirira.

Anaombanso m'manja poganiza kuti ndikukaphunzitsa. Ndinayenda mpaka kutsogolo, mwana ali m'manja. Ndinati, "Chinsinsi chake ndi ichi. Mumatenga thumba limodzi, pansi mumaika nsanza." Ndinafotokoza zonse, koma maina sindinatchule. Poyamba anthu anaseka, wina mpaka anatsetsereka pa benchi. Apampando anati, "Koma chifukwa chiyani?" Ndinati, "Tinamva kuti mukapeza mwana wanjala mumamutenga." Kuseka kunatha. Kumbuyo wina wa msewu wina anati, "Ifenso tinamva."

Ndinatembenukira kwa Amagalasi. Ndinati, "Mayi, uyu si wa neba. Ndi wanga, ndinabereka ndekha. Dzulo anadya kamodzi. Muyezeni. Koma mundiuze pamaso pa anthu onsewa ngati mumutenge."

Anaimirira n'kutambasula manja. Anga anakana kumasuka, ndinachita kuwakakamiza. Anamukhazika pa tebulo la komiti, pamwamba pa mapepala, n'kuzunguliza kalamba ka mitundu pa mkono wake. Kanaima pachikasu, pafupi penipeni ndi pofiira. Anauza wa sikelo uja kuti alembe. Anamufunsa Kachiwala dzina, iye m'malo moyankha anawagwira magalasi. Nthawi yonseyo khutu langa linali panja, kumvetsera ngati paima galimoto.

Kenako anamunyamula n'kumuika m'manja mwanga. Anati, "Nayu mwana wanu. Lolemba naini koloko mubwere naye ku khitchini, ndipo chifuwacho mupite nacho kuchipatala lero lomwe." Basi. Anandibwezera, Achemwali.

Pobwerera pa benchi ndinaphonyana ndi mkazi wa akalipentala akuthamanga kukatenga mapasa ake. Amalume anaimirira n'kunena kuti pofuna chilungamo, nsanza zinali zawo. A komiti anayeza ana asanu ndi anayi a mumsewu mwathu, asanu ndi mmodzi analandira makadi pomwepo. Amayi a saluni anatuluka osayang'ana munthu, koma mdzukulu wawo ndinamuona pa mzere ndi mayi ake.

Sikuti zonse zakonzeka. Khitchini ikhalabe kutsidya, akuti denga anakhoma kale, ndiye tiziwoloka msewu waukulu tsiku ndi tsiku. Mwina tikananena zoona poyamba ikanakhala pafupi. Zimenezo tadzipangira tokha. Lachinayi abweranso kudzafunsa nyumba ndi nyumba, ndipo za lole kuima pampope akuti akambirana. Apampando anatikalipira ndithu, koma palibe wamangidwa. Pampope m'mawa uno atatu andiyankha moni, ena ayi. Kuchipatala tinapita, atipatsa mankhwala a madzi.

Tsopano ndikupempha kanthu. Akuti mwana aliyense azibwera ndi mbale yake ndi supuni. Mawa tipita ndi yachitsulo ija, koma ndi yaikulu ndipo imamuotcha manja. Mukapeza kambale ka pulasitiki kumzindako, munditumizire. Ndamufunsa mwini wake, akuti kakhale ndi chithunzi cha nsomba pansi. Sindikudziwa kuti anakaona kuti. Ngati ka nsomba kulibe, kalikonse, bola kakhale kokuya.

Ndine mng'ono wanu,
Mayi ake a Kachiwala